Timabuku Tisanu ndi Tiwiri ta Munthu Mmodzi

Lolemba, 2 Juni

Ndikulengeza kwa onse amene nkhaniyi ikuwakhudza, ndi kwa ambiri amene sikuwakhudza, kuti lero nthawi ili 10:40 m'mawa, ine mwini wake, injiniya wa madzi amene wamwetsa tauni yonse zaka makumi awiri ndi zisanu, ndatulutsa mkodzo wokwana mamililita 80. Ntchitoyi yatenga mphindi zisanu ndi ziwiri. Mboni zake ndi botolo la pulasitiki, komanso nesi amene analiyang'ana monga mmene ine ndimayang'anira lipoti la kontirakitala waulesi.

Andigoneka bedi 14, wodi ya amuna. Thupi latentha kufika 39.6. Msana kumanzere ukupweteka ngati wina wayiwalamo sipanala. Pokodza ndi moto weniweni. Diripi kudzanja lamanja, jakisoni wa mumtsempha kamodzi patsiku, mkodzo wapita ku labu.

Dokotala amene wandilandira ndi mayi wamagalasi, wamsinkhu wa mwana wanga woyamba, wosachulutsa mawu. Anatsegula kabuku kanga ka kuchipatala, kaja wodwala amayenda nako yekha kuti madokotala azilembamo. Katsopano, kakununkhirabe kusitolo.

"Bambo, vutoli layamba liti?"

"Lachinayi."

"Linakuchitikiranipo kale?"

"Ayi, n'koyamba."

Mayi a kunyumba anali chiimire kumiyendo kwa bedi, chikwama chili m'manja. Anangoyang'ana pawindo ngati kunja kukudutsa ukwati.

Lachiwiri, 3 Juni

39.2. Kunjenjemera mpaka bedi kulira. Tiyi ndamwa theka. Cholembera chikulemera ngati paipi ya chitsulo.

Lachitatu, 4 Juni

38.1. Mutu wabwerera pamalo pake, ndiye ndayamba kuwadziwa anansi.

Kumanja kuli mkulu wina amene wodi yonse imamutcha Tcheyamani, chifukwa windo silitsegulidwa iye asanalamule. Wakhala muno milungu isanu ndi mtima wotupa, ndipo amadziwa phazi la nesi aliyense asanatulukire. Kumanzere kuli Dalaivala wa malole akuluakulu, wa shuga, chala cha kuphazi chili m'bandeji, pakamwa pali bwinobwino.

"A Injiniya, musachite manyazi," anatero atandiona ndikubwerera kuchimbudzi nditaluma mano. "Ife a pamsewu matenda amenewo timawatcha msonkho wa pa boda. Koma inu ovala tayi mumakautenga kuti? Ku semina?"

Wodi yonse inaseka. Nanenso ndinaseka, poti munthu wophunzira amaseka nawo akamanyozedwa, kuti azioneka ngati nthabwalayo wayimvetsa kuposa mwini wake.

Koma pepala silifalitsa nkhani, ndiye ndilembe zoona. Kabuku kaja n'kachisanu ndi chiwiri.

Zinayamba zaka zitatu zapitazo. Ndinapita pa kiliniki ina, ndinati pokodza pakuwawa. Mkulu wa pamenepo anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato, n'kulemba m'kabuku kanga kakale mawu aja amene mwamuna wapabanja safuna kuwaona: matenda opatsirana pogonana. Jakisoni, mapiritsi, ndi kapepala koitanira mnzanga wogona naye. Ine ndinali ndisanayendepo, ndipo mpaka lero sindinayendepo. Kapepalako ndinakaika patebulo, pansi pa mbale ya shuga. M'mawa mwake kanali katachoka. Mayi anapita, anabayidwa, anabwera, anaphika. Sitinakambe.

Patatha miyezi inayi zinabwereranso. Nanga ndikanapita ndi kabuku kolembedwa zija? Ndinagula katsopano, ndinapita pa kiliniki ina ya kutali, ndinati n'koyamba. Ndipo poti kunali koyamba, anandithandiza monga wodwala koyamba: jakisoni, mapiritsi, kapepala. Ndakhala wodwala koyamba kasanu ndi kawiri. Sindikudziwa ngati alipo wina amene anayambapo chinthu chimodzi kambiri chonchi osachipitiriza, kupatula boma.

Mayi anabayidwa katatu. Kenako anasamukira kuchipinda cha ana, ati mkonono wanga wakula.

Lachinayi, 5 Juni

37.8. Zotsatira za ku labu zafika. Akuti tizilombo ta mumkodzo amatilera masiku atatu m'kambale, n'kumatiyesa ndi mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene angatiphe. Tanga tapirira mitundu inayi mwa isanu ndi umodzi. Andisinthira jakisoni, tsopano ndi katatu patsiku.

Dokotala wamagalasi anaima nthawi yaitali ndi pepalalo.

"Bambo, tizilombo tanu n'tophunzira. Tadutsa m'makalasi ambiri. Munthu wodwala koyamba sakhala ndi tizilombo ta madigiri chonchi."

"Mwina tatengera mwini wake," ndinatero.

Sanaseke. "Simunamwepo mankhwala a zimenezi?"

"Sindikukumbukira."

"Tikamaliza jakisoni mudzatuluka Lolemba. Koma mtima wanga sukundipatsa."

Inali nthawi yoona odwala. Mayi anali pampando, akusenda lalanje. Analisenda lonse, khungu limodzi losaduka, n'kuliika pa kabati, n'kunyamuka osatsanzika.

Tcheyamani anadikira atuluke. "A Injiniya, ine ndakwatira zaka makumi anayi. Mkazi akakalipa, gona tulo. Akasenda lalanje chonchija, konza katundu."

Lachisanu, 6 Juni

Tsiku lalikulu, ndipo ndilemba lonse ngakhale dzanja la diripi likudandaula.

Mayi anafika nthawi ya raundi ya madokotala, nthawi imene alendo saloledwa. Mmene anamudutsira mlonda sindikudziwa. Koma munthu amene wayang'anira laibulale ya sukulu zaka makumi awiri, amene amatontholetsa ana mazana atatu ndi diso limodzi, mlonda ndi ndani kwa iye? Ananyamula kontena ija amandibweretseramo mpunga. Dalaivala anadzuka n'kukhala tsonga.

Anaitsegula pabedi panga, pamaso pa dokotala. Munalibe mpunga. Munali timabuku tisanu ndi kamodzi, tomangidwa ndi labala, kalikonse kali ndi kapepala ka nambala pachikuto, kuyambira 1 mpaka 6, motsatira madeti. Ntchito ya laibulale yeniyeni.

Ndinatibisa pansi pa tayala la sipeya m'galimoto. Bwanji sindinatiwotche? Sindikudziwa. Mwina munthu wophunzira satha kuwononga umboni, amangousunga pamalo olakwika. Ndipo ndinaiwala kuti tayala limaphulika ngakhale tsiku limene akuyendetsa ndi mayi.

"Adokotala," anatero Mayi, mawu ali pansi, "bambowa amaiwalaiwala. Ndati ndiwathandize kukumbukira."

Dokotala anatiyala pabulangete kuyambira kumapazi mpaka pachifuwa panga, ngati makhadi. Anawerenga kalikonse. Wodi inali zii, mpaka Tcheyamani anaiwala kulamula za windo.

"Kasanu ndi kawiri m'zaka zitatu. Makiliniki asanu ndi imodzi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayeza mkodzo, poti aliyense munamuuza kuti n'koyamba." Anavula magalasi. "Bambo, mwamuna akadwala zimenezi kawiri kokha, timayamba kufufuza. Mumagwira ntchito yanji paja?"

"Ya madzi."

"Paipi ikaphulika malo amodzimodzi kasanu ndi kawiri, mumatani?"

"Timakumba."

"Simumata phula?"

"Omata phula timawachotsa ntchito."

"Chabwino. Ine sindimatanso. Ndikulemberani kalata yopita kwa katswiri wa njira ya mkodzo, ku chipatala chachikulu. Lolemba simukupita kunyumba."

Analemba pomwepo, atatsamira kabati, masamba awiri. Ndalandirapo makalata ambiri m'moyo, ena okhala ndi riboni, koma iyi ndi yoyamba imene wolemba wake anayamba wawerenga mbiri yanga yonse.

Dalaivala anapukusa mutu. "Ine ndili ndi malaisensi awiri, ndimkaona ngati ndine katswiri. A Injiniya, ulemu wanu."

Loweruka, 7 Juni

37.1. Mayi sanabwere. Anatuma alamu anga, achimwene awo aakulu, ndi mazira owiritsa ndi nthochi. Alamuwo ndi munthu wa nthabwala, koma lero anakhala pampando chipewa chili pabondo.

"Alamu, timabuku tija ine ndinationa kale. Mlongo wanga anabwera nato kwathu mwezi wathawu."

"Kudzatani?"

"Anati kumapeto kwa mwezi uno tikhale pansi, abale a mbali zonse. Akufuna kubwerera kwathu. Timabukuto ndiwo unali umboni wake." Anatembenuza chipewa. "Dzulo wautaya umboniwo kwa dokotala. Ndinamufunsa chifukwa chake. Akuti, mlandu ungadikire, koma impso siyidikira."

Mazira ndampatsa Dalaivala.

Lolemba, 9 Juni

Sikani ya pamimba. Amayamba akujambula chikhodzodzo chili chodzaza, kenako umakakodza, n'kukujambulanso. Nditamaliza, ndikuganiza kuti ndakhuthula zonse, munatsala mamililita 310. Wojambula anati, "Bambo, thanki yanu simatha." Madzi osayenda amaswa tizilombo. Ndakhala ndikuphunzitsa zimenezi m'maholo a mahotela, ndi makina oonetsera zithunzi pakhoma. Waonanso chinthu choyera m'chikhodzodzo, ndipo impso ya kumanzere anaijambula kawiri osanena kanthu.

Kalata yanga nayo yayenda ulendo wake. Inafunika chidindo cha wodi, chidindo cha ofesi, ndi siginecha ya mkulu amene anali ku msonkhano wokambirana za kuchedwa kwa makalata. Mayi anaitenga m'manja mwawo 9 koloko. Pofika 11 inali ndi zidindo zonse, ndipo kalaliki anawaperekeza mpaka pakhomo.

Ponyamuka, Tcheyamani analamula kuti windo litsegulidwe mwaulemu wanga. Dalaivala anakuwa, "Mukakawapeza akatswiriwo, muwauze kuti ine ndinanena kale kuti ndi semina!"

Lachiwiri, 10 Juni

Chipatala chachikulu, wodi ya akatswiri, bedi 3. Muno muli amuna khumi ndi awiri, ndipo asanu ndi atatu akuyenda m'khonde atanyamula matumba a mkodzo ngati amayi opita kutchalitchi ndi zikwama. Palibe wochita manyazi. Moni wa muno si "mwadzuka bwanji" ayi, ndi "lero zikuyenda?" Ndafika kwathu.

Katswiriyo ndi bambo wamfupi, wadazi, wa zala zazing'ono ngati za wokonza mawotchi. Odwala amamutcha Pulambala, ndipo iye amavomera. Anawerenga kalata, anawerenga timabuku tonse, n'kundifunsa mafunso amene palibe anandifunsapo. Mkodzo umatuluka mwamphamvu kapena umangodontha? Umagawanika? Mumachita kukankha? Zinayamba liti kuchepa mphamvu?

Ndinati kalekale, ndimkaona ngati ndi ukalamba.

"Munavulalapo pakati pa miyendo? Njinga, mpanda, kugwa?"

"Ayi."

"Anagwa," anatero Mayi kumbuyo kwanga. "Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, mwezi wa mvula. Ankayendera ngalande ya mapaipi atsopano, anaterereka, anakhalira paipi ngati wakwera bulu. Anakodza magazi masiku awiri. Kuchipatala anakana, ati anyamata a kuntchito angamve. Thalauza lake ndinachapa ndine."

Pulambala anandiyang'ana pamwamba pa kalata. "Bambo, kuyambira lero mafunso ndizifunsa mayiwa. Inu muzingobweretsa thupi."

Lachinayi, 12 Juni

Ekiselo ya mankhwala. Amathira madzi ooneka pa chithunzi kudzera kunjira imene chilengedwe chinaikonza kuti izingotulutsa. Za ulemu wanga sindilemba, unatsala pa benchi pamodzi ndi thalauza.

Koma chithunzicho! Pulambala anachipachika pa galasi lowala, n'kutiitana tonse awiri. Njira ikuyenda bwinobwino, yotakata, kenako pamalo amodzi yafinyika ngati ulusi, kutalika kwake sentimita imodzi. Chipsera cha paipi ija. Kuseri kwake thanki yosatha, ndipo m'thankimo mwala.

"Nayu wakuba wanu," anatero akugogoda ndi cholembera. "Mkodzo sutha, tizilombo timaswana, mwala umatisunga. Mungamwe mapiritsi a dziko lonse, tidzabwerabe."

Mayi anayandikira chithunzicho. "Adokotala, ndifunse. Matenda amenewa munthu amawatenga kwa munthu?"

"Awa? Ayi, mayi. Awa anawatenga kwa paipi."

"Kuyambira koyamba?"

"Za zaka zitatu zapitazo sindinalipo, ndipo palibe anayeza. Koma chimene ndikuona apachi chikukwanira kufotokoza maulendo onse asanu ndi awiri. Sindikufunanso wina woti ndimunamizire."

"Mulembe."

"Mayi?"

"Zimene mwanenazo. Mulembe m'buku, musayine, muike deti."

Analemba. Mayi anawerenga kawiri, anatseka kabukuko, n'kupempha njira ya kuchimbudzi. Anakhalako nthawi yaitali. Pobwera anati sopo wa kumeneko amawawa m'maso.

Lolemba, 16 Juni

Opaleshoni 9:15. Sanang'ambe pamimba. Analowa ndi kachipangizo ka kamera, anatsegula pofinyika paja, anaphwanya mwala n'kuutulutsa. Jakisoni wa pamsana, miyendo inapita kutchuthi. Andiika kapaipi ndi thumba. Tsopano nanenso ndili ndi chikwama.

Lachiwiri, 17 Juni

36.8. Thumba lofiirira m'mawa, loyera pofika masana. Madzi malita atatu patsiku, mwa lamulo.

Andipatsa mwala wanga m'kabotolo, zidutswa zisanu, zonse pamodzi ngati dzira la nkhunda. Wayenda bedi ndi bedi ngati chikho cha mpira. Mkulu wa bedi 7, telala, anati wake unali waukulu kuposa pamenepo koma anausiya kunyumba. M'wodi muno aliyense mwala wake waukulu uli kunyumba.

Alamu anabwera, anaunyamula kabotoloko n'kukayang'anitsitsa kuwindo.

"Ndiye mkazi wachiwiri uja ndi ameneyu?"

"Ndi ameneyo, alamu."

"Ndi wosaoneka bwino. Mukanatiuza tikanakupezerani wina." Anaseka mpaka nesi anasuzumira. Potuluka anandigwira phewa. "Za kumapeto kwa mwezi zija, mlongo wanga akuti ndiwauze abale kuti asavutike kubwera."

Ndamutumizira uthenga Dalaivala kudzera kwa alamu: sinali semina, inali ngalande.

Lachisanu, 20 Juni

Lembani tsikuli pa makalendala.

Kapaipi achotsa 8 koloko. Ndinamwa makapu a madzi asanu ndi imodzi, n'kudikira ngati wodikira zotsatira za mayeso. 10:20 anandilowetsa m'kachipinda momwe muli fanulo yolumikizidwa ku makina oyeza mphamvu ya mkodzo. Ine amene ndayeza mitsinje, lero ndayezedwa.

Abale anga, kunamveka phokoso. Phokoso limene ndinaliiwala, la mpopi wa m'mawa anthu asanadzuke. Mamililita 420 m'masekondi makumi awiri ndi anayi. Otsalira m'thanki, 20. Makina anatulutsa kapepala kojambula phiri lokongola, lokwera bwino, lotsika bwino. Ndisanachitidwe opaleshoni kanajambula msewu wa fulati.

Nditatuluka ndinakweza kapepalako m'mwamba. Wodi inaomba m'manja, a zikwama anagwedeza zikwama zawo. Telala anati ndikaike mu fulemu pafupi ndi digiri. Ndikaikadi, ndipo digiriyo ndiisunthira pansi.

Pulambala akuti chipsera chimatha kubwerera. Ndizibwera miyezi itatu iliyonse kudzakodzera makina ake, ndipo thupi likangotentha, mkodzo uziyamba wapita ku labu ndisanameze piritsi lililonse. "Ndipo buku limodzi, bambo. Munthu mmodzi, buku limodzi."

Mayi anali atasoka kale timabuku tonse tisanu ndi tiwiri ndi ulusi wa laibulale, chikuto cholimba, kalata ya dokotala wamagalasi ili patsogolo. Buku lake ndi lonenepa ngati la munthu wofunika.

Loweruka, 21 Juni

Ndikutuluka masana ano. Ndikulemba nditavala kale nsapato.

M'mawa Pulambala anakhala pabedi panga, chinthu chimene sachita. Zotsatira za impso zafika. Ya kumanja ili bwino, igwira ntchito ya ziwiri. Ya kumanzere yafota, yadzaza zipsera, ikugwira pang'ono chabe. Kutentha thupi kulikonse kuja kunkadya kagawo kake.

"Ndikanabwera chaka choyamba?"

"Mukanatuluka nazo zonse ziwiri." Sanawonjezere, ndipo ndamuthokoza chifukwa chosawonjezera.

Mayi anali akupinda zovala zanga m'chikwama. Atachoka dokotala ndinati, "Mayi, zaka zonsezi mumkaganiza kuti ndimayenda?"

"Nanga ndikanaganiza chiyani? Mapepala ankabwera ndi inu."

"Bwanji simunandifunse?"

"Inu munandifunsa?" Anapinda shati, anaisalaza ndi dzanja. "Ine ndinkadziwa kuti si ine. Inunso mumkadziwa kuti si inu. Ndiye pamene munkaika kapepala kaja pansi pa mbale ya shuga, a Injiniya, mumkati matendawo achokera kwa ndani?"

M'wodi muno ndayankha aliyense, nesi, telala, Pulambala amene. Apa ndinangowerama n'kuyamba kufunafuna nsapato pansi pa bedi. Ngakhale atasamukira kuchipinda cha ana, ine ndi maphunziro anga onse ndinkadziuza kuti ndi tizilombo takale tochokera kwa iye tikubisala m'thupi mwanga. Sindinanene. Iye anamva.

Anatseka zipi. "Tiyeni. Alamu anu akudikira pageti."

Mwala uli m'thumba la jekete, kapepala ka phiri kali m'buku, bukulo wanyamula ndi iye. Anabayidwa majakisoni atatu, pa mabenchi atatu, pamaso pa anthu, chifukwa cha paipi imene ine ndinakhalira, ndipo zimenezo sizinalembedwe m'kabuku kalikonse. Impso ija akuti sibwerera. Za zaka zitatu zija sindinamufunse Pulambala. Si gawo lake.